A Aloysius Aletsa Phokoso M'laibulale

A Aloysius Nkhoma anakhala zaka zambiri akuitanira minibasi pa Mwanza boma. Akakuwa kuti "Blantyre! Blantyre!" ngakhale amayi ogulitsa manachesi kutsidya kwa msewu ankatseka makutu. Maondo atayamba kuvuta, mlamu wawo anawapezera ntchito yokhala pansi: kulondera kalaibulale kamene amawerengeramo anthu ochita maphunziro a kuyunivesite ali kwawo konkuno. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi ndi anamwino.

Mayi Immaculate Banda, oyang'anira laibulaleyo, sanachulutse mawu. "Bambo, muno muzikhala bata. Wolongolola muzimuletsa."

Tsiku loyamba lomwelo mtsikana wina anayankha foni monong'ona. A Aloysius anadzambatuka. "Cheteee! Muno ndi mowerengera!" Mphunzitsi amene ankawodzera pakona anagwa pampando, agalu a kuseri n'kuyamba kuuwa.

Mayi Immaculate anawakokera pakhonde. "Bambo Nkhoma, mtsikanayu ine sindinamumve. Inu ndakumvani ndili kugolosale."

"Komatu ndinatsitsa mawu, mayi."

Anayesa kunong'ona, koma zinkamveka ngati thiraki ikukwera chitunda. Anayesa kumangoloza ndi chala, koma chala chikangokwera, pakamwa pankatsatira. Ophunzira ena anayamba kubwera ataika thonje m'makutu. Izi zinawapweteka mtima a Aloysius, mpaka anauza mlamu wawo kuti bola angobwerera kudepoti.

Asanasiye, anazindikira kuti olongolola ambiri sankacheza ayi, ankafunsana za sukulu. Anapempha mabenchi awiri akale n'kukawaika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi mawindo. Kuyambira pamenepo ankaima pageti n'kumagawa anthu. "Okambirana, kumango! Owerenga paokha, m'kati! Achemwali a foni inu, kumango!" M'laibulale munangoti zii, makamaka chifukwa a Aloysius eni akewo tsopano ankakhala panja.

Mayeso atayandikira, namwino wina, a Masauko, anawapatsa pepala la mafunso ndi mayankho ake. "Achimwene, tatiwerengerani, ife tiziyankha. Tachuluka, wina aliyense akawerenga akumbuyo sakumva."

A Aloysius sukulu analekezera sitandade seveni, koma sanakane. Anawerenga akupunthwa pa mawu ataliatali achingerezi, gulu likuseka n'kumawakonza, iwonso akuseka. Wina akalakwitsa yankho ankamuuza kuti, "Mwaphonya, bwana, pitani kumbuyo!" M'mawa mwake aphunzitsi nawo anabwera ndi mafunso awo, mabenchi n'kuchepa.

Masiku ano amene akudandaula ndi akazi awo, a Dyna. Akangoti mutu ukuwawa, a Aloysius sathamangira kukagula mankhwala. Amayamba awafunsa kaye ngati amwa madzi okwanira, kenako n'kuwagwira padzanja kuti amve kugunda kwa mtsempha, ngakhale mpaka pano sadziwa bwinobwino malo ake ogwira.