Rimu yakuya idandiponya m'chisoso

Loweruka lapitali ndidagwa pa njinga. Ndayamba ndi kuulula ndekha chifukwa ena mwa inu mudaona, ndipo amene simudaone mwauzidwa kale, nkhaniyo itathiridwa mchere ndi tsabola. Amene akunena kuti ndidauluka n'kudumpha ngalande ziwiri akunama. Inali imodzi.

Nkhani yake ili motere. Tadala, mwana wa mlongo wanga, ndi namwino ku Lilongwe. Chaka chino walowa masewero ena achilendo otchedwa trayatuloni. Akuti umayamba ndi kusambira, ukatuluka m'madzi osadzipukuta n'komwe umakwera njinga n'kupalasa mtunda wautali, ukatsika pamenepo n'kuyamba kuthamanga wapansi. Palibetu amene akukuthamangitsa. Mwakufuna kwako. Mayi ake atamva adangofunsa kuti, "Kodi mwanayu walakwa chiyani?"

Lachisanu Tadala adatsika minibasi pano paboma ndi njinga imodzi koma mawilo anayi, ake awiri ndi awiri obwereka kwa mnzake wa m'gulu lawo. Rimu mumaidziwa, chozungulira chija pamene pamakhala tayala, pomangirira masipoko. Mawilo ake anali a rimu yaifupi, ya zala ziwiri basi. Obwerekawo rimu yake inali yakuya ngati chikhatho changa, yakuda bii, yopepuka, ukaigogoda imalira ngati mtsuko wopanda madzi.

"Malume, ndabwera kudzayesa kuno kwanu kuli mphepo," adatero. "Akuyawa amang'amba mphepo bwino pamsewu wathyathyathya, koma akuti ikamawomba cham'mbali amavuta. Afupiwa amakhazikika, koma liwiro lake silifika pa enawa. Mpikisano uli mwezi wamawa, ndiye mutu ukundipweteka kuti ndiike ati."

Mwaona? Mwanayu sadandifunse. Amangodandaula.

Koma ine ndidayankha.

"Akuyawo," ndidatero, osaphethira.

Ndidadziwa bwanji? Amaoneka odula. Chifukwa china ndidalibe. Njinga ndidasiya kukwera kalekale, ndikuphunzitsa ku Kandeu, ndipo inali njinga yachikale ija yolemera ngati ng'ombe, ya belu lomveka kutsidya. Komabe ndidamuuza mwanayu kuti mphepo ili ngati galu, ukaionetsa mantha ndi pamene imakuluma. Mayi a kunyumba adandiyang'ana, n'kutuluka panja.

Loweruka m'mawa tidalowera msewu wa ku Nsipe, Tadala akukankha njinga itavekedwa akuya aja, ine nditanyamula afupi ngati dokotala wa timu. Mwera unali utadzuka ndi mkwiyo, mapepala akuthamanga okha mumsewu.

Pa siteji ya akabaza tidaima, kapena ndinene kuti tidaimitsidwa. Njinga yotere siidutsa pamaso pa akabaza osapatsidwa moni. Wamkulu wawo pamenepo ndi a Ngozo, bambo a imvi amene akhala akunyamula anthu ndi katundu pa kaliyala kuyambira Tadala asadabadwe. Adapempha kuti aone wilo lakutsogolo. Tadala adalimasula. A Ngozo adalinyamula m'mwamba, n'kulitembenuza kuti mphepo iliwombe cham'mbali. Wilo lidagwedezeka m'manja mwawo ngati lichero.

Adamuyang'ana Tadala kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Achemwali, inu ndi ochepa thupi," adatero. "Ichi chikunyamulani."

"Ndi zimene ndikuopa, bambo."

"Ine ndidanyamulapo chitseko kuchoka paboma pano kupita kwathu. Ndidachimanga choimirira, m'mbali mwa njinga. Mphepo ikuchokera kutsogolo ndimayenda bwinobwino, chitseko chikungoing'amba. Koma pamene mapiri amatseguka paja, itabwera cham'mbali, ndidasiya kuyendetsa chitseko. Chitseko chidayamba kundiyendetsa ine."

Akabaza enawo adaseka. A Ngozo sadaseke.

"Wilo lakumbuyo lilibe vuto kwenikweni, mwalikhalira ndi thupi lanu lonse. Koma lakutsogolo ndi lomwe mukuwongolera. Mphepo ikaligwira, yagwira mahandulo. Ndikadakhala ine, kutsogolo ndikadaika lalifupi, lakuyalo kumbuyo."

Tadala adagwedeza mutu movomereza. Apa ndi pamene mdierekezi adandilowa. Mwana wa mlongo wanga amvere wakabaza, malume ake ali pomwepo, atavala jekete?

"A Ngozo," ndidatero, "za zitseko n'zina. Izi ndi za sayansi. Ndipo kusakaniza mawilo ndiye ayi. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa."

"Chabwino, aphunzitsi," adayankha mwaulemu wonse. "Tayesani tione."

Abale anga, mawu amenewa apha amuna ambiri kuposa njoka.

Ndikadatha kunena kuti bondo likundivuta. Ndikadatha kunena kuti ndasala kudya. Koma anthu anali atazungulira, ngakhale amayi ogulitsa kabichi anali atasiya malonda. Ndidavula jekete, n'kupisa thalauza m'masokosi. Tadala adabwezera wilo lija, nkhope itagwa.

"Malume, chonde, n'zobwereka izi."

"Iwe, ndidayamba kupalasa njinga mayi ako akuyamwa."

Adandiveka chisoti chake, chimene chidangokhala pamwamba pa mutu wanga ngati bowa. Ndidakwera. Chishalo chake n'chopyapyala ngati mpeni, mahandulo ali pansi, munthu umakhala ngati ukufunafuna ndalama yomwe yagwa.

Ndinene zoona, poyamba kudali kokoma. Njinga ija siipalasidwa, imangopemphedwa. Ndidangoponda kawiri katatu, siteji idatsala kumbuyo. Mawilo adayamba kulira wuu, wuu, wuu, ngati ndege ikunyamuka. Ndidapitirira minibasi. Inali itaima ikukweza anthu, komabe ndidaipitirira. Mumtima ndimati, a Ngozo, mukuona sayansi?

Kenako ndidafika pamene mapiri amatseguka paja.

Mphepo siidalonjere. Ndidangomva ngati munthu wamphamvu wagwira mahandulo n'kunena kuti, bwana, tikhotere uku. Ndidakokera kumanja. Njinga idati ayi. Ndidakumbukira chiphunzitso changa chija choti mphepo usaionetse mantha, ndiye ndidaikalipira. Siidamve. Mabuleki ndidawaiwala kumene ali. Ndidatuluka mu tala, kudumpha ngalande, imodzi ndati, n'kukatera chagada m'munda wa munthu wina momwe chisoso chidali chitakhwima bwino.

Ndidagona pamenepo ndikuyang'ana mitambo ikuthamanga. Patapita nthawi ndidamva belu. Anali a Ngozo, Tadala ali pa kaliyala. Mwanayo adadumpha njinga isadaime, n'kuthamanga, maso ali ndi misozi. Mtima wanga udasungunuka. Ndidatambasula dzanja.

Adandidutsa.

Adadzutsa njinga, n'kuzungulitsa wilo lakutsogolo, khutu ali pafupi ngati akumvera mtima wa wodwala. Adazungulitsanso lakumbuyo. Adapumira m'mwamba.

"Silidapindike. Zikomo Ambuye." Kenako adacheuka. "Malume, muli bwino?"

Pambuyo pake adandiuza kuti kuchipatala adaphunzira zoti wodwala amene akubuula mokweza ndiye kuti ali moyo. Mwina n'zoona. Ndidasupuka chigongono basi, koma thalauza, masokosi, malaya mpaka ndevu zidali zitadzaza chisoso, ndikuoneka ngati kanungu.

A Ngozo adandigwira dzanja n'kundidzutsa. Ndimayembekeza kuti anditonza, ndipo akadatero sindikadawaimba mlandu. Iwo adangoyamba kundithothola chisoso kumsana, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Musadandaule, aphunzitsi. Chitseko chija chidandigwetseranso pomwepa."

Zitatero Tadala adachita zomwe adabwerera. Adayesa akuya okhaokha, n'kubwerera atatopa chifukwa cholimbana ndi mahandulo. Adayesa afupi okhaokha, adati njinga ikumvera koma liwiro likuchepa. Kachitatu adaika lalifupi kutsogolo, lakuya kumbuyo. Adadutsa pamalo paja osagwedezeka, n'kubwerera mano onse ali pamtunda. Wasankha zimenezo. Akuti tsiku la mpikisano mphepo ikakhala yolusa kwambiri adzaika afupi onse, kuli bwino kufika mochedwa kusiyana ndi kukafikira m'munda mwa eni. Ponena zimenezi sadandiyang'ane, koma ndidamva.

Sabata yonseyi ndakhala pansi, cham'mbali pang'ono chifukwa cha chishalo chija, ndikulingalira. N'chiyani chidandikweza pa njinga ija?

Ndapeza kuti pali mawu amodzi amene ife amuna a kuno amatitsamwa pakhosi. Mawuwo ndi akuti "sindikudziwa."

Tayesani kufunsa njira paboma pano. Munthu amene wangotsika basi kuchokera ku Mzimba, sadapondeko kuno chibadwire, akulozerani ndi dzanja lonse. "Mungowongoka, mukapeza mtengo wa mango mukhote." Mtengo wa mango uti? Dziko lonseli ndi mango.

Galimoto ingozima pamsewu, muone. Mphindi zisanu sizitha, amuna asanu ndi atatu azungulira injini, manja kumbuyo. Wina akuti ndi batire. Wina akuti ndi mafuta a m'zigubu. Wina amene sadayendetsepo ngakhale wilibala akuti ayi, phokoso limeneli ndimalidziwa. Makaniko weniweni akafika amasowa poima.

Nanga kukazonda wodwala? Dokotala adaphunzira zaka zambirimbiri, koma mlamu wanu wogulitsa mbatata akangoona botolo la mankhwala amapukusa mutu. "Awa ndi amphamvu kwambiri. Mudzimwa theka."

Choseketsa n'chakuti amene akudziwadi nthawi zambiri amayankhula motsitsa, ndipo savala jekete. A Ngozo sadawerengepo buku la za mphepo. Adangokhala nayo zaka zonsezi pamsewu womwewu, idawagwetsa, adadzuka, adaphunzira. Ine ndidawayeza ndi nsapato zawo, monga momwe ndidayezera mawilo ndi kunyezimira kwake. Tadala, amene njingayo ndi yake, amene akupalasa tsiku ndi tsiku, ndi yekhayo amene adavomera poyera kuti zamusokoneza. Ndiye amene wabwerera ku Lilongwe ndi yankho. Safunsa adadya phula, koma nanga amene amayankha asadafunsidwe amadya chiyani? Ine ndikuuzeni. Chisoso.

Choncho ndidaganiza zoyamba kusintha, ndipo mwayi udapezeka Lachitatu. Tikumwa tiyi, filiji yathu idayamba kulira modabwitsa, ngati mphaka watsekeredwa mkati. Mayi a kunyumba adandiyang'ana.

"Bambo, chikuchitika n'chiyani ndi filijiyi?"

Pakamwa padatseguka pokha. Mawu akuti "ndi gasi ameneyo" anali atafika kale pa lilime, atavala nsapato. Ndidawameza. Adandipweteka potsika.

"Sindikudziwa," ndidatero.

Mayi adaika kapu pansi pang'onopang'ono. Adadzuka, n'kundigwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja. Kenako adatenga foni n'kuimbira Tadala.

"Iwe, malume akowa udawayang'ana bwino kumutu tsiku lija?"