Vinyo wa pa Nsanja

Mzungu amene ankatiyesela fodya ku Chikomeni, pochoka m'dziko muno, anandisiyila mabotolo awili a vinyo wofiila. Ndinamunyamulila sikelo zaka zisanu, ndiye anaona kuti msana wanga mtengo wake ndi mabotolo awili. Anandiuza kuti vinyo ameneyu akamakalamba m'pamene amakoma. Nzelu zanga za Sitandade 3 zinagwila ntchito msanga. Kwathu chinthu chofunika kusunga timachiika pa nsanja ya m'khichini, pamwamba pa moto, pomwe pamakhala chimanga cha mbewu kuti anankafumbwe asachipeze. Mabotolo anakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwili, akumwa utsi m'mawa ndi madzulo.

Ndinawatsitsa chaka chimene mwana wanga wamkazi woyamba ankafuna malo kusukulu ya unamwino. Masiku amenewo a chipani chimodzi, pepala lopanda dzanja la a tcheyamani a nthambi linali lokulungila fodya basi. A tcheyamani athu anali atandizungulitsa miyezi itatu, chifukwa ndinaodzela pamsonkhano wawo, nditakhala kutsogolo penipeni. Ndinawaitana Loweluka masana kuti adzalawe chakumwa cha mabwana. Ndinaitananso alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene anagwilapo ntchito yopelekela zakudya pahotela ya ku boma, ndipo kuyambila pamenepo ankadya mbatata ndi foloko.

Mkazi wanga anapukuta mwaye pamabotolo, anayala chitenje patebulo, natulutsa makapu a tiyi. Alamu anayang'ana botolo, anayang'ana ine.

"Alamu, munkasunga kuti zimenezi?"

"Pa nsanja."

"Pamoto?"

"Nanga mbewu imaonongeka pamoto?"

Alamu anangokhala pansi ngati munthu wofika pamalilo.

Chotsekela chinafumbutuka ngati chitsononkho chakale, tinachita kuchikankhila m'kati ndi msomali. Vinyo anatuluka wa mtundu wa madzi a padambo ng'ombe zitangodutsapo.

Mwambo wathu, mwini mowa amayamba ndiye kumwa pamaso pa alendo, kuti aone kuti mulibe mankhwala. Ndinamwa. Ine ndadyapo bwemba wosapsa, ndamwapo kwinini wa ku mishoni, koma zonsezo zinali uchi. Mano anachita dzanzi, misozi inalengeza. Ndikanalavula, ndiye kuti ndawaitanila a tcheyamani chiphe, ndipo mwana akalimila fodya mpaka imvi. Ndinameza.

"Mukulilanji, adada?" a tcheyamani anafunsa.

"Ndakumbukila mzungu uja, bwana. Anali munthu wabwino."

Iwo anagugudiza theka la kapu kamodzi, ngati thobwa. Khosi linakwela n'kutsika. Kenako anatembenukila kwa alamu.

"Inu a ku hotela, tatiuzani. Ndi mmene amakhalila?"

Alamu chibadwile sanasiyepo mpata wondichititsa manyazi, ndipo mpata waukulu chonchi anali asanauonepo. Koma wofuna malo uja anali mwana wa mlongo wawo, ndipo dzina anamutcha ndi iwo omwe. Anazunguza kapu, ananunkhiza, anamwa pang'ono, natseka maso nthawi yaitali. Ndikhulupilila ankapemphela.

"Bwana tcheyamani, uyu ndiye weniweni. Kuwawasako ndi ukalamba. Munthu wamba amalavula. Amene amamumva kukoma ndi okhawo anakhalapo patebulo ndi akuluakulu."

"Ndimaona ine," a tcheyamani anatelo. "Ndinamwapo wotele ku Chipata. Thilaninso."

Tinavomelezana tonse kuti ngwabwino. Sizinativute, pakuti zaka zimenezo tinali titazolowela kusankha pakati pa inde ndi inde.

Botolo loyamba litatha, ndinatulutsa pepala la mwana. A tcheyamani anasaina milomo itakwinyika ngati kukamwa kwa thumba lomanga, anadinda chidindo chimene ankayenda nacho m'jekete, nati, "Yewo, adada." Kenako ananyamuka mofulumila kulowela kuseli kwa nkhokwe. Tinawapatsa ulemu wosayang'ana.

Botolo lachiwili ndinafuna kulitaya, koma m'mawa mwake a tcheyamani anabwela okha kudzalipempha. Akuti kukubwela akuluakulu ochokela ku boma, ndipo akufuna awaonetse kuti kunonso timadziwa zinthu. Ndinawapatsa ndi manja awili.

Mwana anapita, anavala zoyela. Alamu anakhala ndi moyo zaka zambili pambuyo pake, ndipo ulendo uliwonse akafika kwathu ankayamba asuzumila m'khichini, n'kufunsa mlongo wawo ngati pakhomo pano pali chinanso chimene chikukalamba mu utsi, kupatula mwamuna wake.