Njira za oyilo zimene anandiletsa kutsegula

Ndinali mkazi ndekha m'galaja ya pa esiteti ina ya tiyi. Amuna analipo asanu ndi mmodzi, ndipo wamkulu wathu, amene tonse tinkangowatchula kuti aforomani, anali atagwira ntchito pamenepo kuyambira ine ndisanabadwe. Sankandida poyera ayi. Ankangondipatsa zitsulo zoti ndizitsuka m'palafini, ndipo ndikafunsa za injini ankati, "Achemwali, kuthamanga si kufika."

Chaka changa chachitatu, mvula itagwa bwino, tiyi akuphuka moti othyola analibe mpata wowongola msana, thirakitala imene inkatuta masamba kuminda ya kumtunda inayamba kugogoda. Kenako inangoti zii pakati pa msewu, ngolo ili yodzaza. Amuna onse anali otanganidwa ndi malole, choncho injini ija anandipatsa ine. Nditaimasula ndinapeza beringi imodzi, kachitsulo kamene shafuti ya injini imazungulirapo, itadyeka mpaka kusungunuka. Shafuti tinaitumiza kutauni kuti akaipale, ine n'kutsala ndi buloko, chitsulo chachikulu chija chimene zonse za injini zimakhalamo.

M'kati mwa buloko muli njira zimene oyilo amadutsamo popita kumaberingi. Popanga, njirazi amaziboola kuchokera kunja, chifukwa chiboolero sichikhota. Zikakumana m'katimo, pakamwa pamene chiboolero chinalowera amatsekapo ndi kabawuti kopanda mutu, kuti oyilo asatayike. Timabawuti timeneti timakhala kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo anthu ambiri sationa n'komwe. Ine ndinatidziwira ku Luchenza, pa galaja ya bambo wina wachisilamu wa malole kumene ndinayambira ntchito. Iwo sankalola injini kumangidwa asanatichotse tonse n'kupisamo burashi, chifukwa zinyenyeswa za beringi yofa zimabisala kuseri kwake.

Nditatenga kiyi yomasulira timabawutito kuti ndimasule koyamba, aforomani anandigwira dzanja.

"Mukufuna chiyani pamenepo?"

"Nditsuke njira za oyilo, aforomani."

"Izo anatseka eni ake amene anapanga injini. Mukathyola kamodzi, buloko yonse tiitaya. Upirani mpweya basi, masamba akudikira."

Ndinamvera. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kumverako. Ndinauzira mpweya wa kompuresa m'mabowo ooneka, n'kumanga injini. Inalira bwino masabata awiri. Sabata lachitatu thirakitalayo inabwera ikukokedwa ndi inzake, ikugogodanso.

M'mawa mwake abwana oyang'anira makina onse a pa esiteti anatsikira kugalaja. Aforomani anayankhula ngati ine palibe. Anati mabawuti a beringi amafuna mphamvu, ndipo manja a mayi ali ndi malire ake. Anati si kulakwa kwanga, koma kwa amene anandilemba. Abwana anagwedeza mutu n'kunena kuti kuyambira Lolemba ndizikathandiza kusitolo ya zipangizo.

"Kusitoloko sindipita," ndinatero.

Wina amene ankamenya tayala anasiya.

"Mayi, mukuyankhula ndi ine?" anafunsa abwana.

"Ndi inuyo, bwana. Mabawuti ndinamanga ndi sipanala yoyezera, aforomani akuona. Chimene chapha injiniyi chili m'kati mwa buloko, kumene anandiletsa kutsegula. Mundilole nditsegule inu muli pomwepa. Mukapeza muli moyera, musanditumize kusitolo, mungondichotsa ntchito."

Aforomani anaseka, nati, "Iwe mwana, ukuphunzitsa ndani?" Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Abwana anayang'ana wotchi, n'kuti abweranso injini ikamasulidwa.

Ndinaimasula ndekha, palibe amene anayerekeza kundithandiza aforomani akuona. Itangokwana thuu koloko abwana anabwera, n'kukhala pa diramu. Timabawuti tinayi tinamasuka nditatiwotcha pang'ono ndi moto wa gasi. Kachisanu, ka kumbuyo, kanakana. Kiyi inaterereka, bowo lake n'kubulungika.

"Si izo ndinanena," anatero aforomani, akutembenukira kwa abwana.

Ndinakoka makina owotcherera, n'kuika nati ya bawuti pamwamba pa kabawuti kaja, n'kuwotcherera m'kati mwake. Ndinadikira kuti izizire. Nditakoka ndi sipanala kanalira kuti kwee, n'kutembenuka.

Ndinayala pepala loyera pansi pa bowolo n'kupisa burashi yaitali kuchokera kutsogolo. Poyamba inakana kudutsa. Nditakankha ndi mphamvu, kunatuluka chimatope chakuda, cholimba ngati phula, chotalika ngati chala changa chapakati. Ndinachiphwanya ndi sikuludiraiva, ndipo m'kati mwake munali tizitsulo tong'anima, zotsalira za beringi yoyamba ija. Ndinanyamula pepalalo n'kuliika pamwendo pa abwana, pa thalauza lawo lositidwa.

"Oyilo amadutsa pamenepa, bwana. Manja anga sanafikepo."

Abwana anachiyang'anitsitsa. Kenako anafunsa aforomani kuti injini zina zonse zimene anamanga ankazitsuka bwanji. Aforomani anati m'zaka zawo zonse sizinachitikepo zotere. Dalaivala wa thirakitala ija, amene anaima pakhomo, ananong'ona kenakake m'Chilomwe, amuna awiri n'kubisa nkhope akuseka.

Pomanganso ndinachita china chimene sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Bowo limodzi la m'mbali sindinalitseke. Ndinamangapo kapaipi kachitsulo n'kukayendetsa mpaka patsogolo pa mpando wa dalaivala, pamene ndinaika geji yoonetsa mphamvu ya oyilo, yomwe ndinaichotsa pa lole yakufa kuseri kwa galaja. Nyali yofiira ya thirakitalayo inali itafa kalekale, ndipo dalaivala ankangodziwa za vuto injini ikayamba kugogoda. Ndisanalize injini, ndinapopera oyilo kudzera m'bowo lina mpaka anaonekera pamwamba, kuti maberingi atsopano asayambe kuzungulira ali ouma. Ndinauza dalaivala kuti, "Achimwene, muvi uwu ukatsika kufika apa, muzimitse pomwepo, ngakhale kapitawo wa masamba akukalipireni."

Aforomani sanapepese. Kwa mwezi wathunthu sankandipatsa moni, ndipo zitsulo zonse zonyansa zinabwerera kwa ine. Ndinazitsuka. Koma injini ya lole itabwera, ndinawapeza aforomaniwo atawerama paokha akuwotcha timabawuti tija. Pa msonkhano wa amakina abwana anayamikira njira yatsopano imene aforomani ayambitsa m'galaja. Ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Pepani bwana, njirayo ndinabwera nayo ndine, ndipo munali pomwepo." Ena anati ndilibe ulemu. Mayi anga atamva anandikalipira, kuti mkazi wa pakamwa sakhalitsa pantchito.

Ndinakhalapo zaka zina zisanu ndi ziwiri. Aforomani atapuma, udindo wawo anapatsa mwamuna wina wochokera ku esiteti ina, ndipo ine ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinalemba kalata yosiya ntchito, n'kukatsegula kagalaja kanga ka malata m'mbali mwa msewu, pafupi ndi siteji ya maminibasi. Kasitomala wanga woyamba anali mwini chigayo wa ku Changata, amene anabweretsa injini yake pa ngolo ya ng'ombe.