Chizindikiro cha Eilif

Eilif Sørgård anakulira kubusa kwa nkhosa pachilumba cha Senja, ndipo ngakhale wakhala zaka zambiri kuno kuzilumba za Svalbard akuyendetsa boti, mutu wake sunachoke m'khola. Kwa iye chamoyo chosadulidwa khutu n'chopanda mwini. Ndinagwira naye ntchito, ine ku injini, iye pa chiwongolero, choncho ndikunena zimene ndinaona ndi maso.

Chilimwe chilichonse tinkanyamula Aslaug, mtsikana wofufuza za anamgumi oyera. Ankawajambula pamsana, poti zipsera ndizo zimasiyanitsa mmodzi ndi mnzake. Panali wamkazi wina wofatsa amene ankafika mpaka kudzakhudza boti, mwana ali pambali. Aslaug ankamutcha Perla. Koma msana wake unali wosalala ngati dzira, ndipo timikwingwirima take tinkafufutika akafundula khungu. Chaka ndi chaka Aslaug ankakayika ngati ndi yemweyo.

"Iwe mwana, ukuvutikiranji?" ankatero Eilif. "Kwathu nkhosa sitiijambula, timaidula."

"Madala, mukadzangomukhudza, wodulidwa khutu mudzakhala inu," ankayankha Aslaug, onse awiri n'kuseka.

Ine sindinkaseka. Munthuyo ndinkamudziwa.

Tsiku lina Aslaug ataweramira chikwama cha kamera, Perla anatumphuka pambali pa boti. Eilif anatola ngowe yokokera zingwe, yadzimbiri, yonunkha nsomba zowola, n'kung'amba nayo Perla pamsana. Madzi anafiira. Gulu lonse la anamgumi linamira nthawi imodzi.

"Basi, ndakuthandiza!" anatero akupukutira ngoweyo pa buluku. "Tsopano ngakhale wosaona amudziwa."

Aslaug sanamutukwane. Anangoweramira kunja kwa boti n'kusanza.

Chilimwe chonsecho anamgumi sanatiyandikirenso. Masiku atayamba kufupika tinapeza mtembo pamiyala, utatupa, mbalame zitauboola maso. Chimbalangondo chinali chitadyako kale mbali imodzi, koma msana unalipo, bala lija litasanduka chilonda chachikulu chamafinya. Mwana wake sitinamuone. Malaya amene ndinavala tsikulo ndinawataya, fungo linakana kuchoka.

Aslaug anajambula mtembowo, kenako anati timutule kudoko. Sanakwerenso nafe.

Eilif akadali moyo. Amakhala pakona m'nyumba yomwera khofi, ndipo alendo akamufunsa za anamgumi, amanena monyada kuti mwa onse aja mmodzi yekha ndiye anadziwika popanda kukayika. Bodza sanena, n'zoona. N'chifukwa chake khofi wanga ndimamwera kunyumba.