Pa njinga ya Benjamini sipagona mwana

Pa siteji ya njinga zamoto pa Mponela, mayi akafika ndi mwana woti wangoyamba kuyenda, anyamata salimbirana. Amangoloza ndi mlomo pansi pa mtengo pamene Benjamini amakhala, ndipo mayiyo amadikira ngakhale njinga zina zili chiimire. Benjamini si wothamanga, si wotchipa, ndipo za kuseka kwake palibe angaikire umboni. Chimene amadziwika nacho n'chimodzi: pa njinga yake sipagona mwana.

Amene sanakwerepo angayese nkhani yochepa. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amamuika pakati, kutsogolo msana wa woyendetsa, kumbuyo mayi ake, amene manja ali pa thumba la ufa kapena pa nkhuku. Injini ikamang'ung'udza, kamphepo n'kumamuomba, mutu umayamba kulemera. Akagona, kamwendo kamalendewera, ndipo pansi pamenepo pali ekizozi yotentha ndi masipoko. Chaka chimene ankayamba ntchitoyi, Benjamini adaona chidendene cha mwana wina chitapsa pa njinga ya mnzake. Kuyambira tsikulo iye ndi tulo samwerana madzi.

Zida zake n'zochepa. Mbuzi iliyonse ya m'mbali mwa msewu amaipatsa moni mwaulemu wonse, n'kuifunsa za kunyumba. Kenako amauza mwanayo kuti naye apereke moni, poti mbuziyo ndi yaikulu kwa iye. Mwayi wake, mbuzi za ku Dowa ndi ku Ntchisi sizitha. Zikasowa, pali lamulo lina: mwana akamumenya pamsana, hutala imalira. Msana umenewo wamenyedwa ndi ana a maboma awiri, ndipo zonsezi amazichita nkhope ili gwa, ngati munthu wowerenga zolengeza kutchalitchi.

Aphunzitsi ndi anamwino a pa Mponela, amene masiku ano salola mwana kukwanitsa zaka ziwiri popanda keke ndi mabaluni, sadachedwe kumuzindikira. Phwando lotere, tinene zoona, ndi la akuluakulu. Mwini tsiku amakhala atalira kale keke isanadulidwe. Ndiye amaitana Benjamini. Iye amaimika njinga pamthunzi, n'kudikira injini izizire, n'kuyamba kukweza tiana tiwiritiwiri. Njinga siyenda, koma malo amalengeza: tafika pa Madisi, otsika atsike. Tsiku lina kamnyamata kena kadalira kuti apitirira siteji yake. Benjamini adapepesa, nakhota njinga ili pomwepo, n'kukakatsitsa pamalo oyenera.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Za mwana wako amene wasanduka ngati wa mnzako, mwambiwo udangokhala chete.

Benjamini ali ndi mwana wamkazi, Princess, amene amakhala ndi mayi ake, Susana, kumudzi kwawo kumapiri, kupitirira pa boma la Ntchisi. Adali mkamwini kumeneko, ankalima fodya pamunda wa akuchikazi. Chaka china fodya atayenda bwino adagula njinga osafunsa munthu, nati akayese pa Mponela mwezi umodzi. Mwezi umenewo sunathebe. Padalibe ndewu, padalibe mlandu. Ukwati udangozilala ngati moto wosowa wosonkhezera. Princess n'kuti ali kubere.

Kupita amapita ndithu, ndi sopo, shuga ndi tinsapato. Koma mwanayo ankangomva injini n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Sankamutchula kuti adadi. Ankati anjinga. Zimenezi zinkamupweteka Benjamini, makamaka poti pa Mponela ana oti iye sadziwa n'komwe bambo awo amamuthamangira.

Mwezi wa Juni wapitawu, tsiku lobadwa la Princess litayandikira, adapita kwa a Mose, amalume a Susana, amene ndiwo eni mbumba. Adapempha kuti atenge mwana ndi mayi ake kupita nawo ku Mponela kwa tsiku limodzi. Amayi ake a Benjamini, amene miyendo idakana mapiri kalekale, adali asanamuone mdzukuluyo chiyambireni kuyenda. Keke adali ataitanitsa kale, yolembedwa dzina pamwamba. A Mose ankathothola mtedza, ndipo sadaleke.

"Mutengeni," adatero. "Koma akabwera akulira, ulendo wina adzachita kupempha yekha atakula."

Tsikulo Benjamini adazimitsa injini akadali patali n'kufika akukankha njinga, chisoti atachimangirira kumbuyo, baluni yofiira ili pagalasi. Princess, atavala diresi yatsopano, adamuyang'ana monga amayang'anira munthu wa jekeseni. Susana adamukweza pakati, iye nakhala kumbuyo ndi kathumba ka mtedza wopatsa apongozi.

Mbuzi yoyamba adaipatsa moni asanatuluke m'mudzi. Kumbuyo kudali zii. Yachiwiri adaifunsa za ana ndi za msipu. Zii. Susana, amene ankadziwa kale moni wa munthu ameneyu ndi kumene umathera, ankayang'ana minda ya eni. Benjamini adafotokoza lamulo la hutala, koma timanja tidangokakamira chitenje cha mayi. Pa kanjira kena kothina baluni idakhudza minga n'kuphulika, ndipo pagalasi adaona kamlomo kakunjenjemera. Mwanayo sadalire, koma kulira kudali pafupi, kukungodikira chifukwa.

Adapatsa moni ng'ombe. Adapatsa moni chitsa. Adapatsa moni bambo wina wokankha makala, amene adayankha bwinobwino n'kuononga sewero lonse. Potsiriza zida zidatha, ndipo Benjamini adayendetsa njinga ali chete, chinthu chimene sadachitepo ali ndi mwana pakati. Ankangoganiza za nkhope ya a Mose ndi za zaka zimene mwana amatenga kuti akule.

Ali pa chitsikotsiko china asanafike pa boma, adamva kadzanja kakugwira jekete yake. Kenako kamutu kadatsamira pamsana, kofunda, kolemera. Kulemera kumeneko palibe woyendetsa njinga amakudziwa kuposa iye. Chala chidapita chokha pa hutala.

"Wagona," adatero Susana. "Lizani hutala yanu ija."

Sadalize. Adachepetsa moto pang'onopang'ono, nakaima pansi pa msuku, mapazi pansi, n'kuzimitsa injini. Adauza Susana monong'ona kuti amugwire mwanayo miyendo mpaka ekizozi izizire. Susana adati amunyamule yekha kuti ulendo upitirire, poti agogo akudikira, koma atangomukoka, tizala tidakanirira jekete ndipo mwana adadandaula m'tulo momwemo. Susana adamusiya.

"Uyu sagonera munthu," adatero. "Ngakhale amayi anga sawagonera."

Benjamini adangoumitsa msana. Akadayankhula ukadagwedezeka.

Adakhala pamenepo. Mthunzi udasuntha n'kuwasiya padzuwa. Mwendo udachita dzanzi. Foni idalira m'thumba, Susana naizimitsa. Malovu adadutsa jekete, nadutsa malaya, n'kufika pakhungu. Mnyamata wina wa pa siteji, akubwerera ku Mponela, adaima kufunsa ngati njinga yafa. Benjamini adangoika chala pakamwa. Mnyamatayo adayang'ana kumsana, natukula nsidze, ndipo nkhani idafika pa Mponela eni ake asanafike: pa njinga ya Benjamini pagona mwana.

Princess adadzuka yekha dzuwa litapendeka. Adayang'ana uku ndi uku, tsaya lili ndi chidindo cha msoko wa jekete. Chapafupi padali mbuzi ikudya masamba.

"Anjinga," adatero, "iyo simunaipatse moni."

Benjamini adaipatsa moni, napepesanso chifukwa chochedwa.

Pa Mponela adapeza keke itapendekera mbali imodzi, dzina litasungunuka theka, ana oitanidwa atabalalika. Agogo adamunyamula mdzukulu wawo kanthawi, iye nalola, koma dzanja limodzi lili pa jekete. Keke adadya ndi dzanja linalo.

Pobwerera tulo tidabweranso asanafike patali. Ulendo uno Susana adatsika, namasula chitenje chake chapamwamba, n'kumubereketsa mwanayo kumsana kwa bambo ake, timiyendo atatikweza m'chiuno, mfundo pachifuwa. Adalowa m'mudzi choncho, bambo wandevu atabereka mwana pa njinga yamoto, amayi a pamjigo akugwirana mapewa. A Mose adali pamtedza pomwe paja.

"Walira?"

"Wagona," adayankha Susana.

A Mose adayang'ana mfundo ya chitenje ija nthawi ndithu. Kenako adabwerera ku mtedza wawo, nanena kuti amumasule pang'onopang'ono, ndiponso kuti ulendo wina azibwera Loweruka, chifukwa Lamulungu mwana amapita ku Misa.

Pa siteji amanenabe kuti pa njinga ya Benjamini sipagona mwana, ndipo amayi amamudikirabe pansi pa mtengo. Iye sawatsutsa. Koma m'kachikwama ka masipanala, pansi pa mpando, muli chitenje chopindidwa bwino, ndipo Loweruka m'mawa musamufune pa Mponela.