Inveta Imene Ndinakana Kuchotsa

Inveta ya m'nyumba mwathu anagula ndi mkazi wanga, chaka chimene manachesi anabereka mpaka kuthyola nthambi. Ine ndinkafuna njinga yamoto. Tinakangana sabata yathunthu, ine kufuula, iye phee, mapeto ake sola inakwera padenga, batire inalowa pansi pa tebulo, kabokosi kofiira ka invetayo kanakhomedwa pakhoma la pabalaza.

Mkazi wanga atamwalira ndinatsala ndi foni yake. Yanga inali yamabatani, yongoimbira basi. M'foni mwakemo munali mawu ake. Munali mauthenga amene ankatumizira mwana wathu wamkazi ku Blantyre, ena okangana mitengo ndi ogula manachesi, komanso nyimbo zimene ankadzijambula pokonzekera kwaya ya amayi. Masana aliwonse ndikaweruka kumunda ndinkakhala pakhonde n'kutsegula uthenga umodzi. Wina ankangonena kuti mbuzi zalowa m'dimba. Sindinkatopa nawo.

Inveta ija inayamba kukalamba. Fani yake inkalira ngati chigayo chopanda chimanga, mababu ankaphethira, ndipo pabalaza pankamveka fungo la pulasitiki wopserera. Mwana wanga atabwera patchuthi ananunkhiza kamodzi kokha, n'kukaitana wamagetsi wa ku Thambani. Munthuyo anatsegula kabokosi, anasuzumira, anapukusa mutu.

"Achikulire, iyi yatha. Mkatimu mwatupa. Tsiku lina idzakuotcherani katundu."

"Mwabwera kudzakonza kapena kudzagulitsa malonda anu?" ndinamufunsa.

"Kukonza maliro sindinaphunzire, bambo."

Anali kuseka, sankadziwa kuti mawu amenewo m'nyumba muno ndi bala. Ndinamuponyera chikwama chake panja. Mwana wanga anati agula yekha yatsopano, ine ndinamuuza kuti chimene anakhoma mayi ake sichichotsedwa ndi munthu ine ndili moyo. Anabwerera ku Blantyre osatsanzika bwino.

Patapita masabata awiri fyuzi inapsa. Ndinagula ina, nayo inapsa tsiku lomwelo. Munthu wanzeru akanamva kuti fyuziyo ikundichenjeza. Ine ndinapsa mtima. Ndinasenda chingwe chakale, ndinapota timawaya tinayi, ndinamanga pamalo pa fyuzi monga tinkachitira ndi mawailesi kale. Inveta inayaka. Ndinadziona katswiri.

Loweruka masana ndinalumikiza foni ya malemu kuti idye moto, ndinatuluka kukamwetsa mbuzi. Ndili kukhola ndinamva kuti phu. Polowa ndinapeza utsi wadzaza pabalaza, tchaja yasungunuka, foni ikutentha moti sindinathe kuigwira ndi dzanja. Ndinaikulunga pansalu, ndinakwera kabaza, kenako matola, mpaka kuboma.

Wokonza mafoni anaitsegula, anandionetsa pamene panada bii.

"Bodi yapita, madala. Munali memore?"

"Memore n'chiyani? Ine ndikufuna mawu ali m'menemo."

"Ngati munalibe kakhadi, zonse zinali pabodipa."

Ndinamunena kuti ndi mbuli yongodziwa kumata magalasi. Ndinapita kwa wachiwiri, kwa wachitatu. Yankho linali lomwelo.

Ndinaimbira mwana wanga ndili chiimire pasiteji. Ndinamuuza kuti anditumizire mauthenga onse amene mayi ake ankamutumizira. Anati foni yake inkadzaza, ndiye ankafufuta akale.

"Unafufuta mayi ako? Iwe uli ndi mutu?"

"Ine ndinkafufuta ali moyo, adadi. Ndinkadziwa kuti mawa atumiza ena. Inu mwaotcha atapita."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, anthu a matola akundilambalala.

Inveta yatsopano anadzaika ndi wamagetsi yemwe uja. Ndinapita ndekha ku Thambani kukamupepesa, ndipo sanandivute. Anamasula yakale, anaona timawaya tanga, anangondiyang'ana. Bola akananditukwana. Anakhoma yatsopano pamisomali yomweyo, anaika fyuzi pakati pa batire ndi inveta, anandiuza kuti ikadzapsa ndidzamuitane, ndisadzagwire. Ndinangoti chabwino.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, ndinaima pakhomo la tchalitchi n'kumafunsa amayi a kwaya mmodzimmodzi ngati wina anasunga mawu a mnzawo. Ine amene sindipempha ngakhale mchere. Ambiri anati anasintha mafoni. Mmodzi yekha anapeza nyimbo imene anajambula paukwati wina, amayi onse akuimba pamodzi, ng'oma ndi nthungululu zili pamwamba. Mwana wanga anandigulira foni ina n'kundiikiramo nyimboyo.

Ndimaimvera nditagunditsa khutu pafoni. Mkazi wanga ankaimba alito, ankaima kumbuyo, chakumanzere. Pali malo ena, ndime yachiwiri ikamayamba, pamene mayi wina amalowa msanga anzake asanalowe. Ndimabweza pamenepo kangapo. Masiku ena ndimati ndi iyeyo. Masiku ena sindidziwa.