Ndege yotera ndi mimba

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali sitandade 5, anzanga onse kwathu ku Namitambo akupikisana kupanga magalimoto a mawaya. Ine, wofuna kuoneka wochenjera chibadwire, ndinapanga ndege. Thupi la mawaya, mapiko a chitini, tsiku limodzi yatha. Mateyala sindinaike. Ndikanawadziwira kuti? Ndege zomwe ndinkazidziwa ndi zija zinkadutsa pamwamba pa minda ya nandolo, ife titakweza makosi, mimba zake zili see.

Yakobe, mnzanga wa m'kalasi amene ankaweta nkhunda, anaikonda. Tinagwirizana kusinthana: iye andipatse nkhunda ziwiri, ine ndege. M'mutu mwanga khola linali litadzaza kale. Tinakumana pansi pa mtengo wa mango pomwe amalume ankakonzera njinga. Yakobe atafunsa kuti aziiyendetsa bwanji yopanda mateyala, pakamwa panga panayamba ntchito yomwe ndikudyera mpaka lero. Ndinamuuza kuti mateyala ndi a ngolo, ayang'ane kumwamba ngati anaonapo ndege ya miyendo.

Anatsala pang'ono kundipatsa dengu la nkhunda lija. Koma amalume, omwe anagwirapo ganyu yotchetcha udzu kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, anaika pansi sipanala.

"Mphwanga, ndiye ndege yakoyi ikafika imatera ndi mimba ngati chule?"

Anatifotokozera kuti miyendo ilipo, kungoti ndege ikauluka imaipinda ngati nkhuku yofungatira. Yakobe anakumbatira dengu lake n'kundipatsa mpaka Loweruka.

Ndinapempha masipoko akutha kwa amalume. Mateyala ndinadula ku patapata wakale wa amayi, n'kuboola pakati ndi msomali wamoto. Fungo la mphira wopserera lija ndimalimvabe. Ndinaika awiri, ndege inagwa chamutu n'kulima dothi ndi mphuno. Ndinawonjezera lachitatu kutsogolo, inaima. Ndinathamangira nayo kwa amalume. Iwo anangoikanikiza ndi chala chachikulu, miyendo yonse n'kutang'adza. Ndinawanyengerera kuti andikonzere, ndikulonjeza kuwapopera njinga sabata yathunthu, koma anati awo ndi masipoko, manja ndi anga. Ndinapinda sipoko iliyonse pawiri, kuchirikiza ndi ina, kumanga ndi malegeni mpaka zala zinatuluka matuza. Kunsi komwe sikuoneka kunandidyera masiku anayi.

Loweruka Yakobe sanayang'ane n'komwe mapiko omwe ndinawapukuta ndi phulusa. Anaitembenuza chagada, kugwedeza mwendo uliwonse, kenako kuiyendetsa m'kanjira ka miyala kopita kumjigo. Inabwerako yathunthu. Ndinayesa kukweza mtengo kuti nkhunda zikhale zitatu, poti tsopano inali ndege yodziwa kutera. Anakana. Ndinalanda dengu msangamsanga asanasinthe maganizo, osasuzumiramo.

Miyezi itatu ndinazidyetsa mapira ndi madeya, kudikira dzira. Zinkangojomphana. Tsiku lina amalume anaima pakhola, kuzimvera kulira kwake, n'kuseka mpaka kugwira mpanda.

"Mphwanga, waweta madoda awiri. Mnzako anatembenuza ndege, iwe unatembenuza chiyani?"

Lero ndimagulitsa nsapato za kaunjika, ndipo pakamwa ndi pomwe paja. Koma pooda nsapato, wogulitsa ngakhale aiwalitse bwanji ndi polishi, ndimaitembenuza kaye kuona kunsi. Kasitomala akatembenuza yanga, ndimasiya zoti inachokera ku Ulaya, ndimangotsitsa mtengo. Ameneyo ndi Yakobe, ndimamudziwa.